Bambo pa Tsamba Limodzi

1. Mpukutu wa mapepala

Pa shopu ya azakhali ake, pamene anthu ankabwera kudzataipitsa makalata ndi kujambulitsa mapepala, mtsikanayu ankadziwika ndi dzina lakuti Liwiro. Dzinali anamupatsa ndi makasitomala. Zala zake zinkathamanga pa kompyuta moti munthu asanakhazikike bwino pabenchi, pepala lake linkakhala litatuluka kale. Iye dzinali ankalikonda, mwina mopitirira muyeso. Anali atangolemba mayeso omaliza a ku sekondale, ndipo podikira zotsatira ankakhala kwa azakhaliwo n'kumawathandiza ntchito.

Lolemba lina m'mawa bambo ake anatulukira pakhomo la shopuyo atavala ovolosi yobookabooka ndi moto. Iwo anali mmisiri wowotcherera zitsulo. M'khwapa anapanira mpukutu wa mapepala, ndipo maso awo anali ofiira.

Imene inawabweretsa inali nkhani ya mlongo wake wa Liwiro, mnyamata wa Fomu 3 amene aliyense ankamutcha Sipanala chifukwa m'thumba mwake simunkasowa kachitsulo. Sukulu inali itamuimitsa. Kwa milungu ingapo mnyamatayu ankati belu la nthawi yopuma likalira, iye n'kudumpha mpanda osabwereranso. Aphunzitsi atamufunsa kumene amapita, anangokhala duu. Lachisanu komiti ya sukulu inkayembekezeka kukumana kuti igamule chimodzi mwa ziwiri: abwerere m'kalasi kapena achotsedwe. Kholo linaloledwa kulemba kalata yopempha.

"Mwanangu, unditaipire izi," anatero bambo akuika mpukutuwo patebulo. "Koma kusukuluko akuti sawerenga zoposa tsamba limodzi. Ndiye ukamaliza udule bwinobwino. Ine kudula kwandikanika, chilichonse chikundionekera chofunika."

Liwiro ananyamula mpukutuwo n'kuuyeza m'manja. Zilembo zake zinali zikuluzikulu, mizere yokhotakhota.

"Bambo, imeneyi ndi kalata kapena buku?"

Azakhali, amene ankathira mapepala m'makina ojambulira, anaseka mpaka kugwira khoma.

"Achimwene angawa sunawadziwebe? Ngakhale akafuna kupempha machesi amayambira pa tsiku limene anabadwa."

Bambo anamwetulira pang'ono. Anangoti abwera Lachinayi madzulo kudzasaina, n'kutuluka akupapasa chitseko.

2. Zimene zala zinataipa

Anthu otaipa ali ndi luso lina limene sakonda kulitchula. Amatha kutaipa tsamba lonse popanda kulakwitsa chilembo, koma mutawafunsa zimene zalembedwapo angakuyang'aneni ngati mwawafunsa za kumwezi. Maso amatola zilembo, zala n'kuzilandira, mutu uli kwina. Liwiro anali katswiri pa luso limeneli. Anaika timawaya ta nyimbo m'makutu, n'kuyamba.

Tsono bambo ake anali ndi kapemphedwe kawo. Iwo ankakhulupirira kuti kholo laulemu silifika pamaso pa akuluakulu n'kuyamba kuikira mwana kumbuyo. Limayamba lamudzudzula lokha, mobwerezabwereza, kuti anthu aone kuti pakhomopo mwana salekereredwa. Likatero, kumapeto kwenikweni, ndiye limagwada n'kupempha.

Choncho tsamba ndi tsamba linkanena chimodzimodzi. Sipanala ndi wouma mutu. Sipanala wathawa sukulu. Sipanala wanyoza aphunzitsi. Sipanala wachititsa manyazi sukulu ndi banja. Mwana wothawa sukulu sayenera kumveredwa chisoni. Bambo anazinena izi chamtsogolo, n'kuzinenanso chambuyo, mpaka mapepala anatsala pang'ono kutha.

Koma pafupi ndi mapeto panali ndime imodzi yaifupi. Inkati:

"Mwanayu sankapita kosewera. Kuwala kwa moto wowotcherera kunandiotcha maso, ndipo ndinakhala milungu ndisakuona. Iye ankabwera kudzandigwirira ntchito kuti anthu asanditengere zitsulo zawo kwina. Ndinkadziwa kuti akujomba, koma ndinakhala chete. Ndinamuuzanso kuti asauze munthu. Wolakwa ndine. Chonde mubwezereni m'kalasi."

Mawu amenewa bambo anawalemba kamodzi kokha, chifukwa anali owawa ndiponso ochititsa manyazi. Liwiro anawataipa onse popanda cholakwika ngakhale chimodzi. Nthawi imeneyo n'kuti mutu ukugwedezera nyimbo.

3. Chenjezo la azakhali

Kutaipa kunatha tsiku lomwelo. Kudula ndiye kunali ntchito ina, chifukwa kudula kumafuna kuwerenga. Liwiro anati achita mawa. Mawa litafika anatinso mawa.

Chimene chinkamulimbitsa mtima chinali batani lina limene anali atangolitulukira m'pulogalamu yolembera. Munthu ukalidina, kompyuta inkafunsa kuti nkhaniyo ifupike kufika pati, kenako n'kutulutsa chidule nthawi yomweyo. Lachinayi m'mawa anaitana azakhali kuti adzaone. Anatsegula lipoti lalitali la kasitomala wina, n'kudina, lipoti lija n'kusanduka ndime zitatu.

"Mwaona, azakhali? Ntchito ya tsiku lonse yatha musanaphethire."

Azakhali anavula magalasi awo, n'kukokera mpando pafupi. Liwiro anadziwa kuti ulaliki wayandikira.

"Mwana wa achimwene anga, tandimvera," anayamba motero. "Batani limenelo si lachilendo kwa ine. Ndinalidinapo iwe usanadziwe n'komwe pamene kompyuta amayatsira. Ndipo sindikunena kuti ndi loipa. Ukakhala ndi lipoti la anthu a muofesi, amene mfundo yawo amaiika pamwamba n'kumaibwereza m'ndime iliyonse, limathandiza kuti udziwe msanga kuti nkhani ikulowera kuti. Koma udziwe mmene limagwirira ntchito. Silimva chilichonse. Limangowerengetsa mawu amene abwera kawirikawiri, n'kutola ziganizo zimene muli mawu amenewo. Chimene munthu wanena kakhumi, limati ndicho chachikulu. Chimene wanena kamodzi, limati ndi zinyalala."

"Nanga si ndi mmene ziliri?" anafunsa Liwiro. "Chofunika munthu amachibwereza."

"Amene anakuuza zimenezo ndani? Ine ndakalambira pa benchi ili, ndikulembera anthu makalata. Amabwera mayi, akuti ndilembereni kwa mwana wanga. Anena za mvula, anena za denga lodontha, abwerezanso za mvula. Ndikamati tamaliza, iwo ataimirira kale, ndiye amati, 'Muikeponso kuti adokotala andiitana Lachiwiri.' Kalata yonse ndi imeneyotu. Zinazo anali kungosonkhanitsa mphamvu. Munthu chimene chikumupweteka sachibwereza, amachinena kamodzi, chapansipansi, kenako n'kuyang'ana kumbali. Ndiye ngati ukufuna kudina batanilo, dina. Koma uyambe wawerenga wekha nkhani yonse, ndipo likatulutsa zake uwerengenso, uone chimene lasiya. Ukapanda kutero, papepalapo padzakhala dzina la mwini wake, koma wolankhulapo adzakhala wina."

"Ndamva, azakhali."

"Wamva ndi makutu onse awiri, kapena khutu lina muli nyimbo?"

Liwiro anaseka n'kuchotsa kawaya kamene kanatsalira.

"Kalata ya bambo ako wadula?"

"Ndidula masana ano."

Azakhali anamuyang'anitsitsa, koma kasitomala analowa, nkhani n'kuthera pomwepo.

4. Masana a Lachinayi

Dzuwa litapendeka inki inatha m'makina ojambulira, ndipo azakhali anakwera basi kukagula ina. Sipanapite nthawi, anzake awiri a Liwiro anasuzumira pawindo. Timu ya mpira wa manja ya sukulu yawo yakale inkasewera masewero omaliza pa bwalo la pafupi ndi msika.

"Iwe, tseka tizipita! Ayamba kale."

"Ndili ndi kalata ya bambo."

"Kalata imodzi ikuvute iweyo? Ndiye dzina lija tikulanda."

Liwiro anatsegula kalata ija pa kompyuta. Anawerenga tsamba loyamba mpaka pakati, n'kupeza kuti bambo akadali pa malonje. Anatsitsa pansi, naona kuti masamba akadalipo ambiri. Kunja anzake ankagogoda pagalasi ndi zikhadabo.

Anadina batani lija. Kompyuta itafunsa kutalika, anasankha tsamba limodzi. Chidule chinatuluka chooneka bwino, mizere yoongoka, ndime zofanana. Iye anaponya diso pa mzere woyamba, naona kuti ndi mawu a bambo ake enieni. Anaika malonje pamwamba, dzina la bambo pansi, n'kusindikiza pa kamakina kakang'ono kapatebulo.

Bambo anafika iye akufunafuna makiyi. Anatenga pepalalo, n'kulibweretsa pafupi ndi mphuno, n'kulitalikitsanso. Tizilembo ta kompyuta tinali tating'ono kwambiri kwa maso awo.

"Zonse zilimo, mwanangu?"

"Zofunika zonse zilimo, bambo."

"Ndiye ndionetse posaina."

Liwiro anawagwira chala n'kuchiika pamzere. Bambo anasaina pang'onopang'ono, iye n'kupinda pepalalo, kuliika mu envulopu n'kumata. Kubwalo anafika masewero asanafike pakati, ndipo timu yawo inapambana.

5. Pamaso pa komiti

Lachisanu Liwiro anaperekeza bambo ake kusukulu, poti pamsewu waukulu ankavutika kuoloka okha. Sipanala ankayenda kumbuyo kwawo, malaya a yunifolomu atawasita mpaka kolala kuima.

Komiti inakumana m'chipinda chosungira mabuku. Matebulo awiri anali atawalumikiza, ndipo kuseri kwake kunakhala aphunzitsi aakulu, aphunzitsi a kalasi ya Sipanala, ndi wapampando wa komiti, bambo wa imvi amene ankaimira makolo. Panja pabenchi panali mabanja ena akudikira milandu yawo.

Wapampando anang'amba envulopu, natsokomola, n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Sipanala ndi mwana wouma mutu. Sipanala wathawa sukulu kambirimbiri, ndipo mwana wothawa sukulu sayenera kumveredwa chisoni. Sipanala wanyoza aphunzitsi amene amamufunira zabwino. Ine monga kholo sindingaikire kumbuyo mwana wothawa sukulu. Sukulu ili ndi malamulo, ndipo mwana wonyoza malamulo a sukulu ayenera kulangidwa."

Anapitiriza mpaka pansi pa tsamba. Bambo ankagwedeza mutu pa chiganizo chilichonse, akudikira pamene kalata itembenukire. Sinatembenuke. Wapampando anawerenga dzina lawo, n'kuika pepalalo patebulo.

Aphunzitsi a kalasi anayang'ana aphunzitsi aakulu.

"Bambo," anatero aphunzitsi aakulu, amene anali mayi wolankhula mofatsa, "mawu amenewa ndi anu?"

Bambo sanali munthu wonama. Panalibe chiganizo ngakhale chimodzi chimene sanalembe okha.

"Mawuwo ndi anga, mayi. Koma..."

"Ngati pali choonjezera, nenani."

Bambo anaimirira, chipewa chili m'manja. Ndime ija anatha kuilemba ali okha m'nyumba, chitseko chili chotseka. Kuinena ndi pakamwa, pamaso pa anthu atatu ovala bwino, inali nkhani ina. Choncho anachita zimene ankachita nthawi zonse, anayambira kutali.

"Ine, akuluakulu, ntchito yanga ndi ya zitsulo. Ndinayamba ntchito imeneyi ndili mnyamata, kwa amalume anga. Masiku amenewo mwana akalakwa sitinkamuikira kumbuyo, ndipo mwana wangayu ndikudziwa kuti walakwa..."

Wapampando anayang'ana wotchi yapakhoma, kenako anakweza dzanja.

"Khalani pansi, bambo, tamva. Ndipo ndikufuna ana awiriwa amve zimene ndinene. Ine ndakhala pa mpando uno zaka zambiri. Makolo amabwera muno ndi mabodza amitundumitundu. Wina akuti mwana amadwala, pamene mwanayo tamuona tokha ku vidiyo. Wina akuti aphunzitsi amamuda. Wina amafika ndi ukali, kufuna kutimenya ife amene tikumulerera mwana. Lero ndi tsiku loyamba kuona kholo lolemba zoona zokhazokha, osapempha kanthu, osabisa kanthu. Inu ana, bambo ngati awa ndi osowa. Akanakhala ena akanakupekerani chifukwa. Iwowa aona kuti kukunamizirani ndi kukuonongani. Tsono ngati amene anakuberekani, amene amakuonani usana ndi usiku, akunena okha kuti simuyenera kumveredwa chisoni, ife ndife yani kuti tiwatsutse? Sukulu si ndende. Amene akuona kuti kunja kwa mpanda kuli zabwino, timamutsegulira geti kuti asamang'ambe buluku podumpha."

Aphunzitsi aakulu anatembenukira kwa mnyamatayo.

"Ndikufunsa komaliza. Unkapita kuti?"

Sipanala anayang'ana bambo ake. Anawayang'ana nthawi yaitali, akudikira. Bambo anangoweramira chipewa chawo, akuchipotokola m'manja. Mnyamatayo anabweza maso ake pansi.

"Palibe, mayi."

Liwiro anali ataima kukhoma, pafupi ndi shelefu ya mabuku. Anadziwa kuti china chake chalakwika, ndipo anadziwa kuti chalakwikira m'manja mwake. Anafuna kukweza dzanja kuti anene kuti kalatayo si yonse. Koma akanamufunsa kuti chasowa n'chiyani, akanayankha chiyani? Iye sankachidziwa. Anachita mantha, ndipo dzanjalo sanalikweze.

Atatu aja ananong'onezana pang'ono. Kenako aphunzitsi aakulu ananena kuti komiti yagwirizana zoti mnyamatayo achotsedwe, ndipo kalata yake isainidwa Lolemba. Wapampando anaimirira n'kugwira bambo chanza ndi manja awiri. Aphunzitsi a kalasi anatsegula chitseko n'kuitana banja lotsatira.

6. Pakhonde

Sipanala ndiye anayamba kutuluka. Atafika pakhonde anaima, osatembenuka.

"Ndamva, bambo," anatero. "Ndamva zonse zimene munalemba."

"Mwana wanga, dikira."

Koma iye anali atatsika kale masitepe.

Bambo anapapasa chipilala cha khonde n'kutsamira. Ana a sukulu ankadutsa ndi mabuku awo, ena akucheuka. Patapita kanthawi anaitana Liwiro ndi mawu otsika, kuti a pabenchi asamve.

"Mwanangu, za maso anga zija zapita kuti?"

"Za maso ati, bambo?"

Funsolo linatuluka lokha, iye asanaliganizire. Bambo anatembenuza nkhope yonse n'kumuyang'ana ndi maso awo ofiira aja. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Ndiye kuti sunawerenge."

Liwiro anaweramitsa mutu.

"Unataipa wekha, ndi zala zakozo, koma sunawerenge." Anapuma mozama. "Mlongo wako ankathawa sukulu kudzagwira ntchito yanga, ine nditagona m'nyumba ndi nsalu kumaso. Zimene wakhala ukudya kwa azakhali ako sindikuzidziwa, koma zimene tinkadya ife kunyumba zinkachokera m'manja mwake. Ndinamuletsa kuulula chifukwa cha manyazi anga. Usiku wa Lamlungu ndinamuuza kuti, 'Usadandaule, ndalemba zonse, ndadziulula ndekha.' Anandikhulupirira. Lero wamva chiyani? Wamva kuti bambo ake asankha kutchinjiriza dzina lawo, iye n'kumutaya."

"Bambo, kalata yonse ikadali m'kompyuta. Ndikhoza kukaisindikiza pompano. Akuti asaina Lolemba, ndiye mwina..."

"Za Lolemba tiziona. Yamba wandiitanira mwana wanga, amve kwa ine. Ali pati? Patali sindikuona."

Liwiro anatsika masitepe n'kuyang'ana kugeti. Mlonda anali akubweza chitseko. Kuseri kwa mpanda, Sipanala anali ataoloka kale msewu. Njira ya kunyumba inkakhotera kumanzere, koma iye sanakhote. Anaima pamene pamaima mabasi otuluka m'tauni, ndipo minibasi ina inali itangoima, kondakitala akukuwa. Liwiro anaona malaya oyera aja akuwerama n'kulowa. Chitseko chinatsekedwa.

Kumbuyo kwake bambo anali atasiya chipilala, akutsika masitepe limodzilimodzi, dzanja lili pamphumi kutchinga dzuwa.

"Wamuona?" anafunsa. "Akubwera?"